Ofunsa Mafunso: Mbiri ya Kafukufuku wa Moyo wa Anthu ku Zambia ndi ku Malawi

Aliyense amene anakulira kumudzi anawaonapo anthu amenewa. Amafika m'mawa dzuwa lisanawawe, anyamata ndi atsikana awiri kapena atatu, zikwama kumsana. Kale ankanyamula mulu wa mapepala, masiku ano amanyamula tabuleti. Amayamba kaye alonjera kwa amfumu, kenako n'kumayenda khomo ndi khomo. Amayi amasiya lichero, n'kuwayalira mphasa pakhonde, mafunso n'kuyamba: pakhomo pano mumagona anthu angati, chaka chatha munakolola matumba angati, munda umenewu mwini wake ndani, mwana akatentha thupi mumathamangira kuti. Akamaliza amathokoza mwaulemu n'kulowera pakhomo lina. Amayi aja amatola lichero lawo n'kupitiriza kupeta. Kumene apita mayankho awo sakudziwa, ndipo kawirikawiri palibe amene amabwerera kudzawauza.

Ntchito yofunsa anthu za moyo wawo n'kuzilemba m'mabuku ili ndi mbiri yake kuno kwathu. Ndi mbiri yofunika kuidziwa, chifukwa zambiri zimene ophunzira a m'mayiko akutali amawerenga lero zokhudza mudzi, ubale ndi moyo wa m'tauni zinatoledwa m'makonde a agogo athu ku Zambia ndi ku Malawi.

Oyamba kulemba anali amishoni ndi mabwana a boma la atsamunda. Amishoni ankafuna chilankhulo kuti alalikire, a DC ankafuna kudziwa mafumu ndi malire kuti atolere msonkho ndi kuweruza milandu. Eni dziko nawonso sanapinde manja. Mu 1919 ku Zomba kunasindikizidwa Chiikala cha Wayao, buku la Yohana Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, lofotokoza mbiri ya Ayao m'chilankhulo chawo. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anayenda kufunsa akuluakulu nalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Yesaya Chibambo analemba za Angoni a kumpoto, ndipo ndi iye amene ankayenda ndi Margaret Read, mayi wa ku England amene anafufuza za Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930. Abambo amenewa analibe madigiri, koma ankadziwa kukhala pansi pamaso pa nkhalamba, kumvetsera, n'kuyerekeza zimene wanena uyu ndi zimene wanena uyo. Kafukufuku ndi ameneyo.

Koma kafukufuku wokhala ndi ofesi, malipiro ndi akatswiri ophunzira ntchitoyo ku yunivesite anayambira ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi Zambia, ndipo chimene chinamufulumizitsa ndi magazi. Mu Meyi 1935 ogwira ntchito m'migodi ya kopa ananyanyala ntchito boma litakweza msonkho wa anthu okhala m'matauni. Sitiraka inayambira ku Mufulira, inafika ku Nkana, ndipo ku mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya apolisi anawombera n'kupha anthu asanu ndi mmodzi. Azungu anadzidzimuka. Iwo ankayesa kuti m'makomboni muja muli anthu a mitundu yosiyana amene sangagwirizane pa kanthu, ongobwera kudzapeza za msonkho ndi njinga n'kubwerera kwawo. Bwanamkubwa wa nthawiyo, Hubert Young, amene asanapite kumeneko anali bwanamkubwa wa Nyasaland, anali kale ndi maganizo okhazikitsa malo ofufuzira za anthu a m'dzikomo, ndipo zimene zinachitika ku migodi zinapatsa mphamvu maganizowo. Mu 1937 linabadwa bungwe la Rhodes-Livingstone Institute m'tauni ya Livingstone, loyamba la mtundu wake mu Africa. Ndalama zake zinkachokera ku maboma a atsamunda ndi ku makampani, kuphatikizapo a migodi omwewo. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa inalitsatira bungweli mpaka mapeto.

Mkulu wake woyamba anali Godfrey Wilson, amene pamodzi ndi mkazi wake Monica anali atakhala zaka zingapo pakati pa Anyakyusa ku Tanganyika. Limodzi mwa timabuku toyambirira ta bungweli, la mu 1939, linali lake lofotokoza za ufumu wa Angonde ku Karonga. Atayamba ntchito, Wilson sanathamangire kumudzi kukafuna miyambo yakale monga ankayembekezera omulemba ntchito. Anapita ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, nakalowa m'makomboni a mgodi ndi a njanji. Anaphunzira Chibemba. Ankakhala pansi ndi ogwira ntchito, kusuta nawo fodya, kuwafunsa za malipiro, za ngongole, za zovala, za akazi ndi ana, za chaka chimene anapitako kumudzi komaliza. Zimene anapeza zinali zowawa kwa boma: ambiri mwa amuna amenewa sanali alendo a miyezi yochepa, anali atakhazikika m'tauni, ena ndi mabanja awo, pamene malipiro ndi nyumba zinakonzedwa ngati za mbeta yongodutsa. Anasonyezanso kuti umphawi wa kumidzi, kumene kunatsala akazi ndi nkhalamba, ndi chuma cha ku migodi zinali nkhani imodzi.

Mu 1940 kunachitikanso sitiraka ina, ndipo ku Nkana kunafa anthu 17. Akuluakulu a mgodi wa Broken Hill anamuletsa Wilson kulowa m'makomboni, pomunena kuti amazolowerana kwambiri ndi anthu akuda. Ankadana nayenso chifukwa chokana nkhondo. Anatula pansi udindo wake, ndipo anamwalira mu 1944 asanakwanitse zaka 40. Ine ndimamuona Wilson ngati munthu woyamba pa ntchitoyi amene anazindikira kuti kufunsa mwachilungamo kuli ndi mtengo wake, ndipo anaulipira.

Amene analowa m'malo mwake anali Max Gluckman, wobadwira ku Johannesburg mu 1911, amene ankafufuza za makhoti a Alozi. Iye anakonza dongosolo la kafukufuku la zaka zisanu ndi ziwiri, napeza ndalama ku London. Mfundo yake inali yakuti mudzi, tauni, mgodi, mishoni ndi boma n'zolumikizana, ndipo amene akufufuza mudzi ngati kuti DC ndi sitolo ya Mmwenye kulibe akudzinamiza. Ankanenanso kuti munthu wogwira ntchito mumgodi amuone ngati wa mumgodi, monga amaonedwera mnzake wa ku Britain, osati ngati munthu wa kumudzi wosochera. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mu 1946, kunafika gulu la achinyamata ophunzira: Elizabeth Colson wa ku America anapita kwa Atonga a ku Zambia, John Barnes kwa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ndipo Clyde Mitchell anadza kuno, m'midzi ya Ayao kum'mwera kwa Nyasaland. Max Marwick, amene ankagwira nawo ntchito moyandikana, anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia. Pambuyo pake Jaap van Velsen anakhala kwa Atonga a ku Nkhata Bay.

Tiime pang'ono pa Mitchell, chifukwa zimene analemba m'buku lake la mu 1956, The Yao Village, aliyense wa ife wochokera kwa anthu otsata ubale wa kuchikazi angazizindikire. Iye anafunsa funso looneka laling'ono: n'chifukwa chiyani midzi imagawikana? Anajambula mapu a nyumba, analemba mibadwo ya anthu, anatsata mikangano kwa miyezi. Anapeza kuti pamtima pa nkhaniyi pali mbumba. Alongo ndi ana awo amayang'aniridwa ndi mlongo wawo wamwamuna, mwini mbumba, amene amawaimira pa milandu, pa ukwati ndi pa matenda. Mudzi ukamakula, mbumba zimachuluka, ndipo mwamuna aliyense amene ali ndi alongo ake amalakalaka atakhala ndi mudzi wakewake. Poyera sanganene zimenezo. Ndiye mwana akadwala, wina akamwalira mosayembekezereka, kunong'onezana kumayamba, zala zimalozana, mpaka tsiku lina gulu limodzi limasamuka n'kukamanga tsidya la mtsinje. Marwick anapeza zofanana kwa Achewa: m'buku lake la mu 1965 anasonyeza kuti anthu onenezana ufiti kawirikawiri amakhala abale a mimba imodzi, olimbirana udindo, ng'ombe kapena chuma cha masiye, amene sangakasumirane kubwalo monga amachitira anthu osadziwana. Agogo athu ankazidziwa zimenezi, n'zoona. Chimene anawonjezera ofufuzawa n'kuziika pamodzi, mudzi ndi mudzi, mpaka njira yake inaoneka. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumoko sankameta nako yekha, ndipo apa ndi pamene mbiri yolembedwa yakhala ikupunduka. Mzungu wofika kumene, wosadziwa chilankhulo, wogona mutenti kunja kwa mudzi, akanamva bwanji zonong'onezana za pamaliro? Pambali pa wofufuza aliyense panali womasulira, kalaliki, wophika, woyendetsa galimoto, ndipo nthawi zambiri anthu amenewa ndiwo ankadziwa khomo loyenera kugogoda ndi funso losayenera kufunsa pagulu. Madzulo bwana akamalemba m'kope lake pa nyali ya mafuta, wothandizira ndiye ankamuuza kuti zimene ananena amfumu masana zija anangonena chifukwa panali apongozi awo. Barnes ku Chipata anali ndi Matshakaza Blackson Lukhero, Mngoni, amene pambuyo pake anagwiranso ntchito ndi Mitchell m'matauni. Lukhero anadzalemba buku lakelake lokhudza Nc'wala, mwambo umene unaleka Angoni atagonjetsedwa mu 1898 n'kudzayambiranso mu 1980. Victor Turner, amene mabuku ake onena za miyambo ya Andembu a ku Mwinilunga amawerengedwa padziko lonse, anaphunzira tanthauzo la mitengo, mitundu ya dothi ndi mankhwala kwa sing'anga wina dzina lake Muchona, mothandizidwa ndi mphunzitsi Windson Kashinakaji. Turner anachita bwino kulemba nkhani yapadera ya Muchona. Ambiri mwa othandizira ena anangothokozedwa m'mzere umodzi kumayambiriro kwa buku, ena osatchulidwa n'komwe. Panapita zaka zambiri mpaka Lyn Schumaker, m'buku lake la mu 2001, Africanizing Anthropology, anawafunafuna amene anali akadali moyo nalemba mbali yawo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha gule wa kalela. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Lamlungu lililonse masana m'lokeshoni ya ku Luanshya, anyamata a mtundu wa Abisa ankavina mozungulira ng'oma zikuluzikulu zopangidwa ndi migolo. Anali anthu a ntchito wamba, koma pabwalo ankafika atatchena: mathalauza ositidwa bwino, nsapato zopukutidwa, mpango m'manja. Pagululo panali mfumu yovala suti, dokotala wa chovala choyera, ndi nesi wonyamula galasi ndi kansalu kopukutira thukuta ovina. Nyimbo zawo zinali za m'Chibemba cha m'tauni, zotamanda kwawo ndi zoseka mitundu ina. Amene anazilemba nyimbozo ndi wothandizira wina, Sykes Ndilila. Mitchell anatenga gule ameneyu, amene ndi m'bale wa beni, mganda ndi malipenga athu, n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu ovala ngati Azungu akuimba za mtundu. Yankho lake, m'kabuku ka The Kalela Dance ka mu 1956, linali lakuti mtundu wa m'tauni si mtundu wa kumudzi. Kumudzi munthu amadziwika ndi mbumba yake ndi mfumu yake. M'tauni, pakati pa alendo zikwizikwi, dzina la mtundu limangokhala chizindikiro chodziwira amene ungamudalire, amene ungamuseke, amene angakuike m'manda ukafera kutali. Chimbuya cha Angoni ndi Abemba, chija amanyozana pamaliro popanda wokwiya, chinakula m'malo ngati amenewa pakati pa anthu amene makolo awo ankamenyana. Pa nkhani za malipiro, anthu omwewo ankaiwala mitundu n'kuima pamodzi m'bungwe la ogwira ntchito. Amene amakhala ku Ndirande, ku Chilinde kapena ku Matero angaweruze yekha ngati Mitchell ananama.

Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, inali yovuta pa ntchitoyi. Munthu wobwera ndi pepala kudzafunsa kuti m'nyumba muno mumagona angati ankaoneka ngati kazitape, ndipo mphekesera za anamapopa, amene ku Zambia ankawatcha banyama, zinkagwera othandizira omwe aja. Mbali inayo, Azungu a m'migodi ankawaona ofufuzawa ngati osokoneza, ndipo A. L. Epstein analetsedwa kulowa m'komboni ya mgodi ku Luanshya monga zinamuchitikira Wilson. Ngakhale zinali choncho ntchito inapitirira. Mu 1956 Colson ndi Thayer Scudder anayamba kulemba za Atonga a m'chigwa cha Gwembe, damu la Kariba lisanamize midzi yawo. Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za Zambezi, ndipo awiriwa anatsatira mabanja omwewo kwa zaka zoposa 50, kulemba za njala, matenda, kusweka kwa mabanja ndi kuyambiranso kwawo. Colson anakalambira konko, namwalira ku Monze mu 2016 ali ndi zaka 99.

Gluckman anali atapita kale ku England, kumene mu 1949 anayambitsa dipatimenti yake ku yunivesite ya Manchester. Maganizo amene anaphukira ku Livingstone, ku Chipata ndi ku Luanshya anadziwika padziko ndi dzina la Manchester School. Barnes, atachoka kwa Angoni, anakafufuza pa chilumba china ku Norway, ndipo nkhani yake ya mu 1954 ndi imodzi mwa zoyambirira kugwiritsa ntchito mawu akuti social network, amene lero ali pakamwa pa aliyense wokhala ndi Facebook. Mitchell anawakulitsa maganizowo pogwiritsa ntchito zimene anapeza m'matauni a kuno. Dzina linapita ku Manchester, ngakhale mbewu inamera m'dothi lathu.

Ufulu utabwera, ana a eni dziko anayamba kuwerenga zimene zinalembedwa za iwo, ndipo ena sanakondwe. Bernard Magubane wa ku South Africa, amene anaphunzitsapo ku University of Zambia, analemba mu 1971 kudzudzula Mitchell ndi Epstein kuti anataya nthawi pa zovala ndi kutsanzira Azungu m'malo moloza chala pa utsamunda weniweniwo. Ndikuona kuti anali ndi mfundo: bungwe lodya ndalama za migodi linali ndi malire a zimene likanatha kunena mokweza. Komabe sindingavomereze kuti onse anali antchito a atsamunda chabe, pamene atsamundawo ankawathamangitsa m'makomboni. Bungwe la Rhodes-Livingstone lija linalowa pansi pa University of Zambia, linasintha dzina kangapo, linatsogoleredwapo ndi katswiri wa zilankhulo Mubanga Kashoki, ndipo lero limatchedwa Institute of Economic and Social Research.

Ku Malawi ntchitoyi inapeza nyumba yunivesite itatsegulidwa mu 1965, makamaka Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973. Chinthu chamtengo wapatali chimene chinachitika kumeneko n'chakuti ophunzira a mbiri yakale ankatumidwa kwawo pa tchuthi kukafunsa akuluakulu, n'kubwera kudzalemba zimene amva. Apa wofunsa ndi woyankha anali mdzukulu ndi agogo ake, opanda womasulira pakati. Kings Phiri anafufuza mbiri ya Achewa ndi mafuko awo, Owen Kalinga ya Angonde. Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anakhala zaka zambiri m'chigwa cha Shire, anatsata nkhani ya Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje mpaka kutulutsa River of Blood mu 1992. Megan Vaughan, polemba za njala ya mu 1949 m'boma la Blantyre, anaona kuti malipoti a boma sanena zonse, ndiye anakamvetsera amayi ndi nyimbo zawo za pamtondo. M'nyimbozo ndi mmene munali mbiri ya amuna amene anapita kukafuna chakudya osabwereranso. Mu 1979 kunakhazikitsidwa Centre for Social Research. Zonsezi zinkachitika pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene mabuku ankaletsedwa ndipo funso lolakwika likanatha kumutayitsa munthu ntchito kapena ufulu. Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa koleji yomweyo, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Lero ofufuza achikuda ndi ambiri, ndipo palibe amene amawaletsa kulowa m'komboni. Chimene sichinasinthe kwenikweni ndi njira imene mayankho amayenda. Amatoledwa m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chitonga, amasandulizidwa Chingerezi, n'kukathera m'magazini a akatswiri amene ngakhale mphunzitsi wa sekondale ku Ntaja sangakwanitse kuwagula. Abdallah mu 1919 analemba kuti Myao awerenge, Nthara analemba kuti Mchewa awerenge, ndipo pa mfundo imeneyi iwo anali patsogolo pa madokotala ambiri amene anadza pambuyo pawo. Zidzukulu za anthu amene anauza Mitchell za mbumba zawo zilipo, zidzukulu za amene anauza Marwick za maliro awo zilipo ku Katete, ndipo zili ndi ufulu womva zimene makolo awo ananena, n'kutsutsa pamene mlendo anamva molakwa.

Choncho pempho langa likupita kwa inu a m'mayunivesite a ku Zomba, Lilongwe, Mzuzu ndi Lusaka, ndi kwa inu osindikiza mabuku: sankhani ochepa mwa mabuku amenewa muwamasulire m'zilankhulo za anthu amene anawabala, ngakhale mwachidule, ngakhale pa wailesi. Ndipo inu achinyamata amene mwanyamula tabuleti chaka chino, mukamaliza kulemba lipoti lanu, bwererani pakhonde paja mukawauze amayi aja zimene mwapeza.